Choyezera Magetsi Chikayamba Kunama: Malangizo kwa Mabanja Athu a ku Durban

Mwa zipangizo zonse zimene Amalawi okhala mu mzinda wa Durban amasunga m'nyumba zawo, kaya ndi ku Sydenham, ku Clare Estate, ku Isipingo, ku Chatsworth kapena m'zipinda za lendi za ku Point, palibe chimene chafala mwakachetechete m'zaka zapitazi koposa kabokosi kaja kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda, kamene m'masitolo amakagulitsa pa dzina la multimeter, ndipo amisiri athu amangokatcha mita kapena tesita. Kale chinali chida cha amisiri a magetsi okha. Koma chiyambire pamene kampani ya Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana kumapeto kwa chaka cha 2007, ndipo makamaka m'chaka cha 2023 pamene mdimawo unafika pachimake, mabanja ambiri anagula mabatire, mainiveta ndi masola, ndipo pamodzi ndi zimenezi choyezera chinalowa m'nyumba, pakuti munthu amene waika ndalama zake za thukuta pa batire sakhazikika mtima asanadziwe ngati ladzaza kapena layamba kufooka. Tikaonjezapo abale athu okonza mafoni ndi mawailesi cha ku Warwick Junction, amakaniko a m'mbali mwa msewu wa Umgeni, ndi anyamata a ganyu amene amaitanidwa kukaona geti loyendera magetsi kapena pampu ya padziwe losambira, tipeza kuti chida chimenechi chikudyetsa ana ambiri, kuno ndi kumudzi komwe.

Chimene chatichititsa kulemba kabuku kano ndi ichi: magetsi saoneka ndi maso, alibe fungo, ndiponso sachenjeza munthu asanamugwire, kotero kuti aliyense wogwira waya amayenda mwa umboni wa choyezera chake, monga woweruza amene sanaone mlandu ukuchitika koma adalira mawu a mboni. Choyezera chimene chafa n'kuzimiratu sichivulaza munthu, pakuti mwini wake amachiika pambali. Choopsa ndi chimene chikuyakabe, chikuonetsa manambala ooneka bwino, koma chikunama, chifukwa chotere chingauze bambo wa pakhomo kuti waya alibe moto pamene moto ulimo. Si pachabe kuti Malembo amadzudzula kolimba mboni yonama ndi miyeso yachinyengo. Choncho pokonza sitifuna kuti chingoyaka ayi; tifuna kuti chibwerere ku choonadi, ndipo ngati sichingabwerere, tichipumitse ntchito. Njira yake ndi yoyambira kunja kulowa mkati, kuyambira chotsika mtengo kufikira chodula, pakuti nthenda zambiri za choyezera zimakhala m'malo atatu amene munthu aliyense angafikeko popanda luso lalikulu: batire, zingwe ndi fyuzi.

Yambani mwafunsa ngati cholakwa chilidi kwa choyezera

Safunsa anadya phula, anatero akuluakulu, ndipo zoyezera zambiri zatsegulidwa ndi kuonongedwa zili bwinobwino chifukwa mwini wake sanayambe wadzifunsa ngati wachitchera molondola. Ngati nambala yaima chilili osasintha, onani ngati batani lolembedwa HOLD silinadinidwe m'chikwama. Ntchito yake ndi kugwira nambala yomaliza kufikira mutalidinanso. Kenaka yang'anani pamene gudumu lapakati laloza. Chilembo cha V chokhala ndi mzere wokhotakhota ndi cha magetsi a m'nyumba, a m'soketi. V wokhala ndi mzere woongoka ndi timadontho pansi pake ndi wa batire, sola ndi galimoto. Munthu akayeza soketi gudumu lili pa malo a batire, choyezera chimaonetsa ziro kapena kanambala kakang'ono ngakhale soketiyo ili ndi mavolti 230 okwana, ndipo kulakwitsa kumeneku, kumene kumaoneka kochepa, n'kokwanira kutenga moyo.

Nambala 1 ikaoneka yokha kumanzere kwa galasi, kapena zilembo za OL, si nthenda ayi. Zoyezera zotsika mtengo, monga za mtundu wa DT830 zimene zadzaza m'misika, zimawerenga kufikira 1999 basi, kotero kuti mukayeza mavolti 230 gudumu lili pa 200, chimangokuuzani kuti muyeso wapitirira. Sunthirani gudumu pa 600 kapena 750. Poyeza ngati waya ndi wolumikizika, chizindikiro chomwecho chimatanthauza kuti njira yaduka. Kamzere ka kuchotsera kakaoneka kutsogolo kwa nambala poyeza batire, ndiye kuti mwangosinthanitsa chofiira ndi chakuda.

Pali zina ziwiri zimene zimasokoneza ngakhale amisiri. Mainiveta ambiri otsika mtengo, amene pa bokosi lawo pamalembedwa modified sine wave, satulutsa magetsi osalala monga a Eskom, koma odumphadumpha; ndipo choyezera wamba, chimene chinapangidwa kuti chiziwerenga magetsi osalala okha, chimaonetsa nambala yotsika kuposa yoona, mwini wake n'kuyamba kudandaula kuti iniveta kapena choyezera chafa, pamene zonse zili bwino. Choyezera cholembedwa True RMS ndicho chimanena zoona pa iniveta yotere. Chachiwiri, choyezera chabwino chimakoka magetsi ochepa kwambiri poyeza, motero chingaonetse mavolti makumi angapo pa waya wozimitsidwa amene wangogona m'paipi imodzi ndi waya wamoto. Zikatero musadzilimbitse mtima kuti ndi mthunzi chabe. Zimitsani swichi yaikulu ya nyumba yonse, ndipo muyezenso.

Batire

Choyezera chikakana kuyaka, kapena manambala akamaoneka mozimiririka, woyamba kumukayikira ndi batire. Zambiri zimagwiritsa ntchito batire lamakona la mavolti 9, zina timabatire ta AA kapena AAA. Koma chimene tifuna kuti banja lililonse lichigwire ndi mtima ndi chakuti batire lofooka silizimitsa choyezera nthawi yomweyo: limayamba lachinamitsa. Mkati mwake muli muyeso wokhazikika umene chimafanizira nawo chilichonse chimene chikuyeza, ndipo batire likatsika kwambiri muyeso umenewo umagwa, manambala n'kumakwera kuposa oona. Pamenepo batire la iniveta limene latsala pang'ono kufa limaoneka lodzaza, ndipo makaniko angachotse alternator ya galimoto ya mwini wake poganiza kuti ikutchaja mopitirira, chonsecho ilibe mlandu. Kachizindikiro ka batire kakangooneka pakona pa galasi, lekani kukhulupirira nambala iliyonse kufikira mutaika latsopano.

Musanatsegule chivundikiro cha batire, zulani zingwe zonse ziwiri, pakuti m'zoyezera zambiri batire limalumikizana ndi njira ya chingwe chakuda. Yang'anani kachipewa kokhala ndi mabatani awiri kamene kamagwira batire la mavolti 9; timawaya take tiwiri n'topyapyala ndipo timaduka pamene tinawotchereredwa, makamaka ngati munthu amazula batire mochita kukoka. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira pa zitsulo, ndiye kuti batire lakale linatuluka madzi. Ngati linali la alkaline, kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi viniga kamasungunula ufawo, kenaka mupukute ndi sipiriti ndi kuumitsa bwino.

Zingwe

Palibe mbali ina imene imazunzika koposa zingwe, pakuti zimapindidwa, zimakulungidwa mothina kuzungulira choyezera, zimapsinjidwa ndi mapulayala m'chikwama, ndipo waya wa mkuwa amaduka mkati chikopa chake chili bwinobwino, kawirikawiri pafupi ndi chogwirira kapena pafupi ndi pulagi yolowa m'choyezera. Kuziyesa n'kosavuta. Ikani chakuda pa bowo la COM, chofiira pa bowo la V, gudumu pa muyeso wotsikitsitsa wa ma ohm, umene pa zoyezera wamba ndi 200, ndipo mukhudzitse nsonga ziwirizo mwamphamvu. Zingwe zabwino zimaonetsa nambala yosafika ohm imodzi, ndipo imakhazikika. Tsono, nsongazo zili chikhudzirane, pemphani mnzanu kuti apinde chingwe chilichonse pang'onopang'ono kuyambira kumutu kufikira kumchira, inu maso ali pa galasi. Pamene nambala idzalumpha kapena kusanduka 1, pomwepo ndi pamene pali bala.

Chingwe choduka mkati ndicho mboni yonama yoipitsitsa, chifukwa chimagwira ntchito mukachiyesa patebulo, n'kuleka mukatambasula dzanja kufikira waya wa padenga, ndipo choyezera chimati ziro. Ena amachidula, kuchipota ndi kuchikulunga ndi tepi. Ife tikuti chingwe cholumikiza chotere chingathandize poyeza mabatire ndi mawailesi basi, koma chisafikenso pa soketi. Zingwe zatsopano zimagulitsidwa pazokha m'masitolo a zamagetsi, ndipo mtengo wake sufika pa tsiku limodzi la kuchipatala. Sankhani zokhala ndi chotchinga zala kuti zisatsetserekere ku nsonga, ndi mapulagi okutidwa ndi pulasitiki. Ngati zingwe zili bwino koma nambala imagwedezeka mukagwedeza pulagi pa bowo, ndiye kuti bowolo lamasuka pamene linawotchereredwa ku bolodi ya mkati, ndipo kadontho ka mtovu watsopano kamachiza.

Fyuzi, ndi tchimo limene limaipsereza

Ngati choyezera chikuyeza mavolti bwino koma poyeza ma amp chimangoonetsa ziro, fyuzi yapsa, ndipo pafupifupi nthawi zonse imapsa mwa njira imodzi, imene tiyenera kuifotokoza mofatsa chifukwa ndiyonso imavulaza anthu. Poyeza mavolti, choyezera chimakhala ngati chotseka. Chimangosuzumira magetsi osawalola kudutsa. Poyeza ma amp, chimasanduka njira yotseguka kuti magetsi onse adutse mkati mwake, ndipo pa bowo la 10A njira imeneyo ndi kachidutswa ka waya wonenepa basi. Tsono munthu amene dzulo anayeza ma amp a sola, naiwala chingwe chofiira pa bowo la 10A, lero akalowetsa nsonga m'soketi kapena kuzikhudzitsa pa mitu iwiri ya batire la galimoto, walumikiza moto ndi moto kudzera m'manja mwake. Pa choyezera chabwino fyuzi imapsa mwakachetechete, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa zotsika mtengo zambiri bowo la 10A lilibe fyuzi konse, ndipo pambali pake pamalembedwa unfused. Pamenepo nsonga zimathetheka, zingwe zimasungunuka, ndipo nkhope ndi zala zingapse. Chotetezera cha earth leakage cha m'nyumba, chimene chimazimitsa magetsi akangothawira pansi okwana ma milliamp 30, sichithandiza pa ngozi yotere, pakuti magetsiwo sanathawire pansi, angodutsa kuchoka ku waya wamoto kubwerera ku mnzake. Chizolowezi chopulumutsa n'chakuti mukangomaliza kuyeza ma amp, chingwe chofiira chibwerere pa bowo la V musanaike choyezera pansi.

Kuti mudziwe ngati fyuzi yapsadi, zulani zingwe, zimitsani, masulani masikuluwu a kumbuyo, ndipo muichotse. Ya galasi imaoneka ndi maso: kawaya ka mkati kaduka, kapena galasi lada. Ya dongo loyera siionetsa kanthu, choncho iyezeni pa ma ohm ndi choyezera cha mnzanu, kapena ndi chanu chomwe mutachitseka. Yamoyo imaonetsa nambala yaing'ono, yakufa imaonetsa 1 kapena OL. Pa chitsulo cha kumapeto kwake, ndiponso kumbuyo kwa choyezera, pamalembedwa msinkhu wake. Zotsika mtengo kawirikawiri zimakhala ndi fyuzi ya galasi ya mamilimita 5 m'lifupi ndi 20 m'litali, ya ma milliamp 200 kapena 250 pa mavolti 250, ya chilembo cha F, chimene chimatanthauza yopsa msanga. Zoyezera zambiri za Fluke zili ndi ziwiri, ya ma milliamp 440 ndi ya ma amp 11, zonse za mavolti 1000. Tengani yakufayo popita kusitolo, ndipo mugule yofanana nayo m'zonse.

Apa tikupemphani ndi mtima wonse, abale, kuti musachite zija tinazolowera pa mawailesi kumudzi, zokulunga fyuzi yakufa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kapena kulumphitsa ndi kawaya ka mkuwa. Ndiponso musaike ya galasi pamene panali ya dongo, ngakhale manambala a ma amp afanane. Chifukwa chake ndi ichi: fyuzi ya dongo ndi yodzazidwa ndi mchenga umene umameza lawi kawaya kakamasungunuka, ndipo ya choyezera chabwino imatha kudula magetsi a ma amp 10,000 kapena kuposa popanda kuphulika, pamene ya galasi wamba inapangidwira ma amp 35 okha, magetsi a ngozi ya pa bokosi logawira magetsi m'nyumba angafike mazana kapena zikwi, ndipo pa mphamvu yotere lawi limalumpha mkati mwa galasi ngakhale kawaya katatha, galasi n'kusweka, moto n'kupitirira. Fyuzi ya dongo ndi yodula, nthawi zina kuposa choyezera chotsika mtengo chathunthu, koma mtengo umenewo ndiwo mtengo wa maso anu.

Chinyezi cha m'mphepete mwa nyanja

Amene anabwera kuno kuchokera ku Johannesburg amadabwa kuona zida zawo zikuchita dzimbiri msanga. Mpweya wa Durban ndi wofunda, wachinyezi, ndipo umanyamula mchere wa nyanja ya Indian Ocean, makamaka m'miyezi ya Disembala kufikira Malichi; zimenezi zikalowa m'choyezera pamodzi ndi fumbi ndi thukuta la m'manja, zimabala nthenda ziwiri. Yoyamba ndi dzimbiri pa zitsulo zokhudzana, limene limatseka njira ya magetsi. Yachiwiri ndi yobisika: mchere wonyowa umapanga tinjira tosaoneka pakati pa mabowo ndi pa bolodi, magetsi n'kumadutsa pamene sayenera. Kuti muigwire yachiwiriyi, zulani zingwe zonse, ikani gudumu pa muyeso wapamwamba kwambiri wa ma ohm. Choyezera choyera chiyenera kuonetsa 1 kapena OL, ndipo chikaonetsa nambala ina iliyonse popanda cholumikizidwa, ndiye kuti mkati muli litsiro kapena chinyontho.

Ngati manambala amasintha mukakankha gudumu lapakati, kapena muyeso wina umagwira wina osagwira, vuto lili pansi pa gudumulo. Ntchito iyi ifuna mtima wodekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Yalani thaulo loyera patebulo, tsekani chitseko kuti ana asakusokonezeni, chotsani zingwe ndi batire, ndipo musanasunthe kanthu jambulani ndi foni momwe zonse zakhalira. Lozetsani gudumu pa OFF kuti mudzakumbukire pobwezera. Mukamasula bolodi, ikwezeni pang'onopang'ono nkhope ya choyezera itayang'ana pansi, chifukwa pansi pa gudumu pali timipira tachitsulo, kawirikawiri tiwiri, tokhala pa timasipuling'i tating'onoting'ono, timene timachititsa kuti gudumu lizilira ndi kuima pa malo ake. Tikagwera pa simenti timagubuduka kulowa pansi pa bedi, ndipo sitigulitsidwa m'sitolo. Pa gudumu pomwepo mudzaona timasamba ta mkuwa topindika, kalikonse m'kabowo kake, ndipo pa bolodi mudzaona mizere yozungulira yonyezimira imene timasambato timayendapo. Jambulaninso, pakuti kasamba kamodzi kakabwerera pa malo olakwika, choyezera chimayeza zina pamene gudumu laloza zina.

Pukutani mizereyo ndi kathonje konyowetsedwa ndi sipiriti ya isopropyl, imene imapezeka m'masitolo a mankhwala, kufikira thonje litasiya kuda. Pamene dzimbiri lakakamira, chofufutira cha pensulo chimachotsa popanda kuvulaza. Sandipepa ndi nsonga ya mpeni zimachotsa dzimbiri pamodzi ndi chitsulo chopyapyala cha pamwamba, ndipo pakatha mwezi nthenda imabwerera yokulirapo. Mafuta opopera monga Q20 ndi abwino pa loko ndi pa tcheni cha njinga, koma muno amasiya nembanemba imene imaitana fumbi. Tsukaninso ndi mswachi wakale ndi sipiriti yomweyo kuzungulira mabowo a zingwe, mkati ndi kunja, ndipo musiye ziume bwino musanatseke. Musadabwe kupeza zitosi za mphemvu kapena nyerere zakufa. Nazonso zimasunga chinyontho, ndipo ziyenera kuchoka.

Manambala akamaoneka oduka, 8 n'kumaoneka ngati 6 kapena 3, galasi silinafe. Pakati pa galasi ndi bolodi pali kampira kakatali kamizeremizere kamene kamangopanikizidwa, kosawotcherera, ndipo kakada kapena masikuluwu akamasuka, zigawo zina za nambala zimazima. Kachotseni ndi zala zoyera, pukutani mbali zake ziwiri, m'mphepete mwa galasi ndi pa bolodi ndi sipiriti, kabwezereni moongoka, ndipo mumange masikuluwu onse mofanana. Koma galasi limene lili ndi banga lakuda lofalikira lasweka mkati, ndipo silichira. Nthenda ya manambala oduka musaipeputse, pakuti 2 woyamba wa 230 akasowa, munthu amawerenga 30.

Amene analipo pa chigumula cha pa 11 ndi 12 Epulo 2022, chimene chinapha anthu oposa 400 mu Durban ndi madera ozungulira, akumbukira zida zimene zinavuulidwa m'matope ku Isipingo ndi kwina. Choyezera chikagwera m'madzi musachiyatse kuti muone ngati chikugwira, pakuti magetsi a batire ndiwo amadya mizere ya mkuwa ikanyowa. Chotsani batire msanga, tsegulani, tsukani matope ndi madzi a distilled amene amathira m'mabatire a galimoto, kenaka sipiriti, ndipo muumitse pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Chingathe kuuka, komabe chiweruzo chathu n'chakuti choyezera chimene chinamwa madzi a matope kapena a mchere chikhale cha mabatire basi masiku ake otsala.

Pamene wokonza ayenera kuleka

Chida chophatikiza miyeso itatu m'bokosi limodzi chinayamba ndi Donald Macadie, injiniya wa ku positi ofesi ya Britain, amene Avometer yake inatuluka mu 1923, ndipo zakale zimenezo, zokhala ndi singano, mmisiri ankazikonza chiwalo ndi chiwalo kwa zaka zambiri. Za manambala zogwira m'manja zinafala kuyambira 1977, pamene Fluke inatulutsa mtundu wa 8020A, ndipo zotsika mtengo za lero zinatengera nzeru ya kachipangizo kotchedwa ICL7106 ka kampani ya Intersil. M'zoyezera za m'misika kachipangizo kameneka kamakhala pansi pa dontho lakuda lolimba pakati pa bolodi, ndipo kakapsa palibe mmisiri angakasinthe. Zizindikiro zake n'zakuti, batire lili latsopano ndipo zonse zatsukidwa, manambala amangothamanga okha kapena kuonetsa chinthu chimodzi pa miyeso yonse. Chimodzimodzi, ngati munthu anayeza soketi gudumu lili pa ma ohm, ndipo potsegula mumva fungo la kupsa, muona resistor yakuda kapena mzere wa mkuwa wosungunuka: wodziwa kuwotcherera angasinthe resistor, koma za m'choyezera ndi zosankhidwa mwapadera kuti muyeso ukhale woona, ndipo bolodi yopsa imasanduka makala amene amadutsitsa magetsi. Choyezera chotere chipumitseni. Sungani zingwe, fyuzi ndi timipira tija kuti zidzathandize china.

Pa bolodi mudzaonanso kachopotokola kakang'ono kokhala ndi mpata wa sikuludiraiva. Kameneko ndiko kamakhazikitsa muyeso wonse, ndipo musakakhudze pokhapokha muli ndi choyezera china chodalirika chofanizira. Amisiri a ziphaso amatumiza zida zawo ku malabotale ovomerezedwa ndi bungwe la SANAS kuti zikayesedwe, zimene n'zoyenera pa choyezera chodula chodyetsa banja, koma osati pa cha m'misika.

Mukamaliza kukonza, tsekani bokosi ndi masikuluwu onse, ndipo muchiyese pa zinthu zimene yankho lake mukulidziwa kale, kuyambira zofatsa. Batire la AA la alkaline latsopano lionetse pafupifupi 1.6, tchaja ya foni ya USB pafupifupi 5, batire la galimoto lodzaza limene lapuma usiku wonse pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira pakati pa 13.8 ndi 14.4. Zikagwirizana, pamenepo ndi pamene mungafike pa soketi, imene muno mu South Africa iyenera kukhala pa mavolti 230, ndipo malamulo amalola kuti isinthe pakati pa 207 ndi 253. Ngati mnansi ali ndi chake, yezani chinthu chimodzi ndi zoyezera ziwirizo. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi iliyonse pamene mufuna kutsimikiza kuti waya alibe moto musanamugwire, yambani mwayeza soketi imene mukudziwa kuti ili ndi moto, kenaka wayayo, kenaka soketi ija kachiwiri. Ziro wa pakati ndi wokhulupirika pokhapokha choyezera chanena zoona kumayambiriro ndi kumapeto.

Malire a choyezera cha pakhomo

Pafupi ndi mabowo a zingwe pamalembedwa CAT II, CAT III kapena CAT IV, motsata muyezo wa dziko lonse wa IEC 61010. CAT II ndi ya zipangizo zolowetsedwa m'soketi, CAT III ndi ya bokosi logawira magetsi ndi mawaya a m'khoma, CAT IV ndi ya pamene magetsi amalowera kuchokera ku mzere wa kunja. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: zilembo n'zosavuta kudinda pa pulasitiki, ndipo inu amene mwatsegula choyezera chanu mwaona nokha ngati muli fyuzi ya dongo ndi zotetezera, kapena kagalasi kamodzi basi. Cha kagalasi chisalowe m'bokosi logawira magetsi, ngakhale kunja kwake kutalembedwa zotani.

Dziwaninso kuti malamulo a dziko lino, a Electrical Installation Regulations a 2009 amene ali pansi pa Occupational Health and Safety Act ya 1993, amafuna kuti ntchito ya mawaya a nyumba iyang'aniridwe ndi munthu wolembetsedwa ku boma, amene yekha angapereke chikalata cha Certificate of Compliance motsata muyezo wa SANS 10142-1. Mlendo amene wagwira bokosi la magetsi la nyumba ya lendi popanda chilolezo, nyumba n'kupsa, amasenza mlandu waukulu kuposa mphamvu zake. Mita ya mayunitsi ya khonsolo ya eThekwini ndi yomata, ndipo siyenera kutsegulidwa ndi wina aliyense. Za mawaya akuba aja oyala pansi m'midzi ya zisakasa, amene anansi athu Achizulu amawatcha izinyoka, tingoti alibe chozimitsa chilichonse kumbuyo kwawo, ndipo palibe choyezera cha m'thumba chimene chingateteze munthu pamenepo.

Posunga, chotsani batire ngati mwezi udzatha chisanagwire ntchito, kulungani zingwe momasuka pazokha, ndipo muike zonse m'kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Chisakhale pawindo loyang'ana kunyanja kapena m'galimoto yotentha padzuwa. Amene afuna kutumiza choyezera kwa m'bale kumudzi angatero popanda nkhawa, pakuti magetsi a ESCOM nawonso ndi a mavolti 230, ngakhale masoketi a kwathu ali ndi mabowo amakona pamene ambiri a kuno ndi ozungulira. Katundu wa pa basi amayenda masiku angapo kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, akugwedezeka ndi kutentha, choncho batire lichotsedwe, galasi likutidwe ndi nsalu, ndipo m'phukusi lomwelo muikemo zingwe zapadera ndi mafyuzi awiri kapena atatu a msinkhu wake, mutalemba manambala ake pa kapepala, chifukwa pa msika wa kumudzi fyuzi ya ma milliamp 200 siipezeka msanga.